Timatabwa ta mapatani ndi masamu a ana aang'ono: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene makolo, alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba ndi aphunzitsi a Sitandade 1 amakonda kufunsa akaona timatabwa tamitundumitundu titamwazidwa pamphasa, ana atatizinga. Ena amafunsa mwachidwi, ena mokayikira, chifukwa kwa ambiri a ife masamu anali choko, bolodi ndi kakope.

Kodi timatabwa ta mapatani n'chiyani?

Ndi tizidutswa tafulati ta thabwa kapena pulasitiki, todulidwa m'maonekedwe 6, ndipo kalikonse kali ndi mtundu wake. M'masitolo ndi pa intaneti amatigulitsa ndi dzina loti pattern blocks. Kachikasu ndiko kakakulu, kali ndi mbali 6 ngati kachipinda ka m'chisa cha njuchi kapena nati ya njinga. Kofiira ndi theka la kachikasu, kamaoneka ngati beseni lovundikira. Kabuluu kali ndi mbali zinayi zofanana koma n'kopendekeka, ngati dayamondi wa pa makadi. Kobiriwira kali ndi makona atatu ngati samusa. Kaolenji ndi sikweya. Kotsiriza ndi kakhaki, mbale wake wa kabuluu koma kowonda, kosongoka uku ndi uku ngati tsamba la nsungwi.

Chinsinsi chake chili pa muyezo. Mbali zonse za timatabwati n'zofanana kutalika, inchi imodzi, yomwe ndi masentimita awiri ndi theka. Yosiyana ndi mbali yaitali ya kofiira yokha, imene ndi mainchi awiri. N'chifukwa chake mwana akagundanitsa tiwiri tilitonse, timakumana ndendende popanda mpata. Mukachotsa kufanana kumeneku mwatsala ndi zidole wamba.

Timatabwati tinachokera kuti?

Ku America. Tinapangidwa m'zaka za m'ma 1960 ku bungwe la Education Development Center la ku Newton, m'chigawo cha Massachusetts, pa ntchito yokonza maphunziro a sayansi a ku pulayimale yotchedwa Elementary Science Study. Maganizo ake ndi akale kuposa apo. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene anayambitsa kindergarten, sukulu ya mkombaphala, cha m'ma 1840, ankapatsa kale ana timatabwa tafulati toti aziyala n'kupanga zithunzi.

Komatu tisanamizane kuti mapatani anabwera pa ndege. Agogo oluka lichero amadziwa kuti nsungwi ikadutsa pamwamba pa zitatu iyenera kulowa pansi pa zitatu, ndipo akaphonya kamodzi diso lawo limagwira pomwepo. Chitenje chili m'chiuno mwanucho chadzaza ndi maonekedwe obwerezabwereza. Timatabwati timangoika nzeru yomweyo m'manja mwa mwana wa zaka zinayi, pa msinkhu umene sangagwire mpeni wosendera nsungwi.

Ine ndikuona ana akungosewera. Masamu ali pati?

Khalani pambali pa mwana mmodzi kwa mphindi zisanu osayankhula, muone.

Watenga tofiira tonse n'kuunjika pakepake: kumeneko ndi kusanja zinthu m'magulu. Wayala kabuluu, kobiriwira, kabuluu, kobiriwira, kenako wafufuza kabuluu kena m'mulu: wagwira lamulo la patani ndipo akulosera chobwera. Akufuna kutseka mpata, wayesa kathabwa, kakana, wakatembenuza, kalowa: waphunzira kuti chinthu chikazungulira sichisintha kukula. Wasowa kofiira (kofanana ndi tobiriwira titatu), m'malo mwake waika kabuluu (kofanana ndi tiwiri) ndi kobiriwira: wangotulukira yekha kuti 3 ndi chimodzimodzi 2 kuphatikiza 1, ngakhale sangalembe.

Chomalizachi ndiye chuma chenicheni cha timatabwati. Mwana amagwira ndi manja kuti chinthu chimodzi chingathe kuphwanyidwa m'njira zingapo n'kukhalabe chomwecho. Kuphatikiza, kuchotsera, kugawa ndi mafulakishoni zonse zimamera pa tsinde limeneli.

Ndipo masamu a msinkhu uwu si nkhani yaing'ono. Mu 2007 katswiri wa ku America Greg Duncan ndi anzake anasanthula kafukufuku 6 wotsatira ana kwa zaka zambiri ku America, Britain ndi Canada. Anapeza kuti mwa zonse zimene mwana amalowa nazo sukulu, luso la masamu ndilo linkalosera kwambiri mmene adzakhozere m'makalasi apatsogolo.

Mwana wanga amawerenga kale mpaka 20. Akufunikanso zimenezi?

Mumuyese kaye. Muikireni tobiriwira 7 pamphasa, munene kuti, "Tandiwerengera." Ana ambiri amene amaimba "wani, thuu, firii" mokweza mpaka anansi kumva amalumpha kathabwa, kapena kukhudza kamodzi kawiri, chifukwa pakamwa pakuthamanga kuposa chala. Ena amafika bwinobwino pa 7, koma mukafunsa kuti, "Ndiye tilipo tingati?" amayambiranso kuwerenga. Sanadziwe kuti nambala yomaliza ija ikunena za mulu wonse.

Kuloweza manambala ndi nyimbo, ndipo nyimboyo ndi yofunika. Kuwerenga kwenikweni ndi kathabwa kamodzi, liwu limodzi. Muuzeni azikankhira pambali kalikonse kamene wawerenga. Akamaliza, mwazani timatabwa tomweto motalikirana, mufunsenso kuti tilipo tingati. Akayankha 7 osawerenganso, zinthu zayamba kukhazikika.

Pano Chichewa chathu chili ndi mphatso imene timainyozera. Kachikasu kamadzazidwa ndi tobiriwira tingati? Tisanu ndi kamodzi. Dzina la nambalayo lanena kale samu: 5 kuphatikiza 1. Tisanu ndi tiwiri, tisanu ndi titatu. Mwana wowerenga m'Chichewa amamva kuphatikiza m'kamwa mwake momwe, pamene "sikisi" ndi phokoso chabe. Muziwerenga naye m'zilankhulo zonse ziwiri.

Ayambe ali ndi zaka zingati?

Zitatu. Asanafike apo chilichonse amaponya m'kamwa, ndipo kobiriwira ka inchi imodzi kangathe kumutsamwitsa. Ngati pakhomo pali khanda lokwawa, sewerani pa tebulo ndipo muwerenge timatabwa pomaliza.

Tsiku loyamba ndichite chiyani?

Khuthulani pamphasa, mukhale chete.

Ndikudziwa kuti n'zovuta. Ife akuluakulu tikaona mwana akusanjikiza timatabwa ngati nsanja m'malo moyala, manja amayabwa. Musiyeni. Amange nsanja, aphike nato nsima, kachikasu kakhale mbale. Masiku angapo oyambirira mwana akuphunzira kulemera kwake, m'mphepete mwake, kamene kamaima ndi kamene kamagwa. Mukamupatsa ntchito asanakhute kusewera, thupi lidzakhala pa ntchito yanu koma mtima uli pa nsanja ija.

Ine ndinalakwitsapo zimenezi. Ndinafika pa sukulu ina ya mkombaphala ndi phunziro lokonzakonza la kusanja mitundu, ndinatsegula thumba, ndipo mphindi imodzi isanathe ana onse anali atagwira timatabwa m'manja ndi m'matumba, wina akulira chifukwa mnzake watenga tachikasu tonse. Phunziro langa linathera pomwepo. Sabata yotsatira, ana omwewo atasewera nato mokwana, anasanja mitundu popanda ine kunena kawiri.

Mukafuna kuyankhula, funsani. "Wapanga chiyani?" "Unadziwa bwanji kuti apa palowa kofiira?" "Pali kena kamene kangalowe pomwepa?"

Ndi masewera ati amene mumakonda kuposa onse?

Kudzaza kachikasu. Ikani kachikasu pansi, muuze mwana akaphimbe ndi timatabwa tina popanda kusiya mpata kapena kutulukira kunja. Ambiri amayamba ndi tofiira tiwiri. Muyamikireni, musiye pomwepo, muike kachikasu kena pambali: "Tapezanso njira ina."

Njira zonse zilipo 7, posawerengera kuphimba ndi kachikasu kanzake. Tofiira tiwiri. Tabuluu titatu. Tobiriwira 6. Kofiira kamodzi ndi tobiriwira titatu. Kofiira, kabuluu ndi kobiriwira. Tabuluu tiwiri ndi tobiriwira tiwiri. Kabuluu kamodzi ndi tobiriwira tinayi. Mwawerenga inu, koma mwana musamuuze. Wa zaka zinayi akapeza njira zitatu wagwira ntchito. Wa zaka 6 kapena 7 angazipeze zonse, ndipo funso lokoma kwa iye ndi lakuti, "Ukudziwa bwanji kuti palibenso ina?" Apa mudzaona ena akuyamba kuchita mwadongosolo: amachotsa kabuluu kamodzi n'kuikapo tobiriwira tiwiri, kenako kena, kenako kena. Mwana wochita zimenezi wasiya kulota, wayamba kulingalira.

Tsopano mupatse kobiriwira mtengo wa 1. Kabuluu ndi 2, kofiira ndi 3, kachikasu ndi 6. Njira 7 zija zasanduka masamu: 3 ndi 3, 2 ndi 2 ndi 2, 3 ndi 2 ndi 1, mpaka mmunsi. Mungatsegule kagolosale kongoyerekeza. Nthochi ikugulidwa ndi kofiira, mwana ali ndi kachikasu, chenji chake n'chiyani? Ana amene amatumidwa kukagula mchere pa okala amachita bwino kwambiri pa masewerawa.

Nanga mapatani enieniwo ndiwaphunzitse bwanji?

Yambani ndi tiwiri tosinthana: kofiira, kabuluu, kofiira, kabuluu. Bwerezani katatu musanamuuze kuti apitirize, chifukwa kamodzi kapena kawiri lamulo silinaonekere. Aziyimba pamene akuloza. Akazolowera, onjezani: kofiira, kabuluu, kabuluu. Kenako titatu tosiyana.

Kupitiriza mzere ndi sitepe yoyamba chabe. Muuzeni atsinzine, muchotse kamodzi pakati, anene kamene kasowa. Muike cholakwika dala, akugwireni; ana amasangalala kwambiri kugwira wamkulu atalakwa. Chovutirapo ndi ichi: muuzeni apange patani yomweyo ndi timatabwa tina, kapena aiombe m'manja ndi kuponda pansi. Akatha kusandutsa "kofiira, kabuluu, kabuluu" kukhala "ponda, omba, omba", ndiye kuti wagwira lamulo lenilenilo osati mitundu.

Palinso mapatani okula. Tobiriwira tinayi timapanga samusa wamkulu, 9 timapanga wamkulu kuposa apo, kenako 16. Mizere yake imayenda 1, 3, 5, 7. Masikweya nawo amakula chimodzimodzi: 4, 9, 16. Mwana wa Sitandade 2 angalosere wotsatira. Muuzeni ayesenso kupanga kachikasu kakakulu pogwiritsa ntchito tachikasu tokhatokha. Sizitheka, m'mphepete mumatsala mano, ndipo kulephera kumeneko kumamuphunzitsa zambiri kuposa kumuuza.

Kagalasi kakang'ono nako kamathandiza. Yalani phiko limodzi la gulugufe, mwana amalize linalo, kenako aimike galasi pakati aone ngati zagwirizana.

Ndimuphunzitse mayina monga hexagon ndi trapezium?

Hexagon ndi kachikasu, trapezium ndi kofiira. Muziwatchula, koma musasandutse mayeso. Mwana wonena kuti "kachikasu ka mbali zisanu ndi imodzi" akudziwa zambiri kuposa woloweza hexagon amene sanawerengepo mbali zake.

Aphunzitsi awiri a ku Netherlands, Pierre van Hiele ndi mkazi wake Dina van Hiele-Geldof, analongosola mu 1957 kuti ana amayamba kuzindikira maonekedwe ndi diso lokha: ichi ndi sikweya chifukwa chikuoneka ngati windo. Kuganiza za mbali ndi makona kumabwera pambuyo, ndipo sikubwera ndi msinkhu wokha, kumafuna kuphunzitsidwa. Mungaziyese nokha madzulo ano. Onetsani mwana kaolenji, anene kuti sikweya. Katembenuzeni pamaso pake kaime pa kona. Ambiri adzati tsopano ndi dayamondi. Chimodzimodzi kobiriwira mukakazondotsa, ena amakana kuti si thirayango.

Vuto limakula chifukwa tchati cha pakhoma chimaonetsa thirayango imodzi yomweyo, itakhala mofanana chaka chonse. Kathabwa kamatembenuzika. Musatsutsane naye, mufunseni awerenge mbali, akazungulize yekha, awerengenso. Ndipo popeza kobiriwira kali ndi mbali zofanana nthawi zonse, muzimuonetsanso mathirayango ena, aatali ndi opendekeka, pa denga la nyumba kapena pa felemu ya njinga, kuti asaganize kuti thirayango ndi chinthu chobiriwira.

Kaolenji ndi kakhaki sitilowa bwino mwa tinzake. N'tolakwika?

Ayi, ndi mmene tinapangidwira. Makona a timatabwa tina tinayi ndi madigiri 60 kapena 120. Kaolenji kali ndi 90, kakhaki kali ndi 30 kosongoka ndi 150 kotambalala. N'chifukwa chake sikweya siphimbika ndi tobiriwira: tiwiri timachepa, titatu timapyola. Pa masewera a kudzaza kachikasu ndi a mitengo ija, tichotseni.

Koma tiwiriti tili ndi ubale wake. Nsonga zitatu za takhaki zimadzaza kona ya sikweya. Nsonga ziwiri zimafanana ndi kona ya kobiriwira. Takhaki 12 tikakumana nsonga pamalo amodzi timapanga duwa lathunthu, monga momwe tabuluu 6 timapangira nyenyezi. Ana aang'ono safunika kumva za madigiri; amangoona kuti duwa latsekeka.

N'todula, ndipo kwathu kulibe. Tingapange tokha?

Kwambiri, ndipo ndi zimene aphunzitsi athu amatcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo. Katoni yolimba ya sopo kapena ya mafuta ophikira ikwanira. Mapatapata akutha ndi abwino koposa, chifukwa ndi okhuthala, sanyowa ndipo timanja ta ana timawagwira mosavuta. Akalipentala apafupi angakuduleni zotsala za pulayiwudi, mukwechese m'mphepete.

Kajambulidwe kake nkosavuta. Bwerekani kampasi kwa mwana wa ku sekondale, muitsegule masentimita 5, mujambule bwalo. Osasintha kutsegukako, ikani nsonga pa mzere wa bwalolo n'kuchonga, musunthire pa chizindikirocho n'kuchonganso, mpaka mutazungulira. Mupeza zizindikiro 6. Zilumikizeni ndi rula: kachikasu kaja ndi kameneko. Mukajambula mizere itatu yodutsa pakati, kuchokera kona kupita kona yoyang'anana nayo, mwapeza tobiriwira 6. Mzere umodzi wokha ukupatsani tofiira tiwiri. Tobiriwira tiwiri togundana ndi kabuluu. Sikweya jambulani pa kona ya chikuto cha buku, mbali zonse masentimita 5. Pa kakhaki, ikani kobiriwira pa kona ya sikweya, mbali imodzi igundane. Kampata katsalako ndi madigiri 30, nsonga imene mukufuna.

Masentimita 5 ndi kawiri muyezo wa togula, ndipo kwa ana aang'ono ndi bwino choncho. Chimene sindingakunyengerereni ndi kadulidwe. Pangani chitsanzo chimodzi cholondola cha mtundu uliwonse, tina tonse muzijambula potsata chimenecho, ndi pensulo yosongoka. Kofiira kakatalika pang'ono, tiwiri sitidzaphimba kachikasu, ndipo mwana adzaphunzira bodza kuchokera m'manja mwake momwe. Kuli bwino timatabwa 40 todula mosamala kusiyana ndi 200 tokhotakhota.

Mitundu tsatani yomweyo ya togula, kuti akadzatipeza kwina asasokonezeke. Penti ikasowa, matani mapepala amitundu kapena tinsanza ta chitenje. Tobiriwira tichuluke kuposa tonse.

Ndili ndi ana oposa 80 m'kalasi. Zingatheke?

Onse pakamodzi, ayi. Yalani mphasa pakona, gulu la ana 6 kapena 8 lizipitapo mosinthana pamene ena akuchita zina. Pofika Lachisanu aliyense wagwirako. Dulani seti imodzi yaikulu ngati mbale ya nsima yoti muzionetsera kutsogolo. Ana a Sitandade 7 ndi 8 angathandize kujambula ndi kudula, ndipo iwonso apindula, chifukwa kujambula kachikasu ndi kampasi ndi phunziro lawo lomwe.

Ana akuluakulu angapindule nato?

Pa mafulakishoni, kwambiri. Kachikasu kakakhala chinthu chathunthu, kofiira ndi theka, kabuluu ndi gawo limodzi mwa atatu, kobiriwira ndi limodzi mwa 6. Funso limene limazunza ana a Sitandade 5, lakuti theka kuphatikiza gawo limodzi mwa atatu ndi chiyani, limayankhika pamphasa: sinthani kofiira ndi tobiriwira titatu, kabuluu ndi tiwiri, mwapeza 5 mwa 6. Aonanso ndi maso kuti gawo limodzi mwa atatu ndi laling'ono kuposa theka, ngakhale 3 ndi wamkulu kuposa 2.

Chenjezo limodzi: musalole kofiira kukhala "theka" mpaka kalekale. Tsiku lina nenani kuti chathunthu ndi tachikasu tiwiri. Kofiira kasanduka kota. Tsiku lina chathunthu chikhale kabuluu, theka lake ndi kobiriwira. Amene anangoloweza mitundu adzaonekera pomwepo.

Nanga makadi a zithunzi ndi masewera a pa foni?

Makadi amene ajambulapo kale malo a kathabwa kalikonse ndi abwino poyambira, koma mwana akangofananitsa mitundu tsiku ndi tsiku, amene anaganiza ndi wojambula khadiyo. Msanga mupatseni chithunzi cha mzere wakunja wokha, nsomba kapena nyumba, mkati asankhe yekha. Mungajambule nokha pozunguliza pensulo pa chimene iye wamanga dzulo. Kenako funsani: angadzaze ndi timatabwa tochepetsetsa tingati? Nanga tochulukitsitsa?

Za pa foni zilipo, ndipo zina n'zabwino. Kwa mwana wa zaka zitatu kapena zinayi ine ndimasankhabe katoni, chifukwa masewera ambiri a pa foni amakokera kathabwa pamalo pake mwana akangoyandikiza, pamene kuvutika kotembenuza kuja ndiko kunali phunziro.

Mwana wanga amasokoneza kofiira ndi kobiriwira. Ndide nkhawa?

Wa zaka zitatu kusokoneza mayina a mitundu si zachilendo. Zikapitirira atakula, makamaka pa kufiira ndi kubiriwira, mwina maso ake sasiyanitsa bwino mitundu imeneyi; zimachitika kawirikawiri kwa anyamata kuposa atsikana, ndipo achipatala cha maso angamuyeze. Masewerawa sakuimitsidwa ndi zimenezo. Muzitchula timatabwa ndi maonekedwe ake, "ka makona atatu", "ka beseni". Ikani tingapo m'thumba la nsalu, apise dzanja, apeze chimene mwatchula osayang'ana. Mwana wosaona amasewera nawo masewera amenewa mofanana ndi anzake, nthawi zina kuwaposa.

Timangosowa. Titani?

Tidzasowa ndithu, makamaka tobiriwira. Timapezeka m'matumba a yunifolomu tsiku lochapa. Pezani zitini kapena timabigiri 6, chilichonse mumatepo kathabwa kamodzi panja, ndipo kulongedza kukhale ntchito ya ana: asanje, awerenge, anene ngati takwana. Zitsanzo zodulira zija musungire kwina, kutali ndi ana, pamodzi ndi katoni yapadera. Ta katoni musasiye pansi nyengo ya mvula, chinyezi ndi chiswe sizichedwa.